PHUNZIRO LA ALIMI: KULETSA MAFUTA ODONTHA PA BOKOSI LOGAWA MPHAMVU

M'midzi yambiri ya Cigawo ca Kum'mawa, kucokera ku Nyimba ndi Petauke kufikira ku Lundazi ndi Chama, muli magalimoto aja okoka ndi magudumu onse anai, monga Land Rover, Land Cruiser ndi Hilux. Ena ali a munthu mmodzi, ena ali a gulu la alimi amene anasonkha ndalama. Galimoto yotere ndiyo ibweretsa feteleza ndi mbeu pamene mseu wasanduka matope, ndiyo ituruka ndi cimanga, nshawa ndi thonje kupita nazo ku msika, ndiponso ndiyo ithamangira ku cipatala ndi mai woyembekezera pakati pa usiku. Ikafa, sabvutika ndi mwini wace yekha.

Kawiri kawiri kufa kwa galimoto kuyamba ndi kanthu kakang'ono. M'mawa, pamene inagona, paoneka dontho la mafuta pa dothi, pakati peni peni, pansi pa mipando. Eni ace ambiri angolikwirira ndi phazi, nanena kuti magalimoto akale onse atero. Komatu dontho la pamalo amenewo, nthawi zambiri, licokera ku bokosi logawa mphamvu, ndipo liri cizindikiro cakuti kamphira kotseka mafuta katha. Kamphira kameneka ndi kochipa, ndipo munthu wodekha akhoza kukasintha pa mudzi. Cofunika kopambana ndi kuyamba wapeza cimene cinakaononga, pakuti akangoikapo katsopano osacotsa cifukwaco, mafuta adzayambanso kudontha posacedwa.

BOKOSI ILI NDI NCHITO YACE

Mphamvu ya injini ikaturuka m'bokosi la magiya, ilowa m'bokosi lina lolumikizika kumbuyo kwace, limene amakanika alicha transfer box. Bokosi limeneli ligwira nchito ziwiri. Yoyamba ndiyo kugawa mphamvu ku mitanda iwiri yacitsulo yozungulira, yochedwa mashafiti. Wina upita ku magudumu a kutsogolo, wina ku magudumu a kumbuyo. Yaciwiri ndiyo kupatsa galimoto giya yotsika, imene icepetsa liwiro niwonjeza mphamvu yokokera pa citunda ndi m'matope.

Citsanzo ca phunziro lino ndi bokosi lochedwa LT230. Lipezeka pa Land Rover zambiri za mtundu wa 110 ndi 90, zimene zinayamba kupangidwa m'zaka za 1983 ndi 1984, nizipatsidwa dzina lakuti Defender mu 1990. Magalimoto amenewa analeka kupangidwa mu January 2016, cotero onse amene ayenda m'miseu ya kumidzi ndi okalamba, ndipo mphira zao zakalamba nao pamodzi. Giya yotsika ya bokosi ili iwonjeza mphamvu kupitirira pang'ono katatu, koma mafuta amene asunga magiya ace onse ndi malita 2.3 cabe, osafika theka la cigubu ca malita 5. Mabokosi a magalimoto a mitundu yina asiyana maonekedwe ndi miyeso, koma kakonzedwe kace kayenda m'njira imodzi modzi.

SILU NDI CIANI?

Pamene shafiti ilumikizika ku bokosi pali citsulo conga mbale, cokhala ndi khosi losalala lolowa m'kati. Citsulo cimeneci acicha fulanji. Khosi lace lizungulira nthawi yonse imene galimoto iyenda, pamene bokosi liri ciimire. Cimene citseka mpata wa pakati pao ndi mkombero wa mphira wolimbitsidwa ndi citsulo, umene amakanika aucha silu. Silu iri ndi mlomo wofewa wogwira khosi la fulanji, ndipo kuseri kwa mlomowo kuli kasipuling'i kakang'ono kozungulira kamene kaufinyira pa citsulo. Masilu abwino ali ndi mlomo waciwiri kunja, woletsa pfumbi ndi matope.

Bokosi la LT230 liri ndi masilu atatu a mtundu umenewu: imodzi polowera mphamvu, imodzi poturukira kutsogolo, ndi ina poturukira kumbuyo. Ziwiri zoturukirazo ndizo zikhoza kusinthidwa bokosi liri pomwepo, osalitsitsa.

ZOIPA ZIWIRI ZOBWERA NDI KUDONTHA

Coipa coyamba ndi kutha kwa mafuta. Popeza mafuta ndi ocepa, dontho la tsiku ndi tsiku silicedwa kuwatsitsa, makamaka pa ulendo wautali pamene atentha nasanduka opyapyala. Magiya ndi mabering'i akasowa mafuta ayamba kulira, atentha, ndipo potsiriza adyana. Pamenepo mwini galimoto, amene anakana kugula silu imodzi, agulitsa ng'ombe kuti agule bokosi.

Coipa caciwiri ndico coopsa koposa. Pa Land Rover zimenezi, ndi pa zakale zochedwa Series, buleki ya pamanja siigwira magudumu ai. Igwira diramu lomangidwa pa fulanji ya kumbuyo kwa bokosi lomweli. Motero silu ya kumbuyo ikatha, mafuta alowa m'diramu nanyowetsa mashuzi, zitsulo ziwiri zokhota zija zimene zifinya diramu kuti galimoto iime. Buleki yonyowa mafuta ioneka ngati igwira pa malo athyathyathya, koma pa citunda, galimoto italemedwa ndi matumba, iterereka. Amene adziwa zitunda zotsikira ku mlatho wa Luangwa pa mseu wa Great East Road adziwanso kuti kumeneko si kumalo koyesera buleki.

KUPEZA POCOKERA MAFUTA

Mphepo ya pa ulendo ikankhira mafuta kumbuyo, cotero pamene dontho ligwera si pamene licokera nthawi zonse. Mwini galimoto ayambe watsuka bokosi lonse ndi parafini ndi burashi, alipukute liume, ayendetse galimoto mtunda wa makilomita ocepa, ndipo alowe pansi ndi nyali kufuna malo onyowa amene ali pamwamba ndi patsogolo koposa ena onse. Pamenepo ndipo pali bvuto.

Mtundu wa mafuta nao uthandiza. A m'injini ndi akuda. A m'bokosi logawa mphamvu ndi okhuthala, a maonekedwe onga uci, ndipo ali ndi pfungo lamphamvu la sulufule. Mabokosi a magiya a mtundu wa LT77 athiridwa mafuta ofiira ndi opyapyala, motero dontho lofiira lisonyeza kuti bvuto liri m'bokosi la magiya. Mafuta omwazika mozungulira pansi pa galimoto, molunjika ndi fulanji ya kutsogolo, asonyeza silu ya kutsogolo. Mafuta odontha pansi pa diramu la buleki asonyeza silu ya kumbuyo.

CINAONONGA SILU NCIANI?

Silu itha ndi ukalamba, pakuti kutentha kuumitsa mphira kufikira ing'ambika. Koma silu yakufa msanga iri ndi cina cimene caipha, ndipo pali zinthu zinai zoyenera kufufuza.

Coyamba ndi kapaipi kopumira. Mafuta akatentha, mpweya wa m'bokosi ufutukuka nufuna poturukira. Cifukwa cace pamwamba pa bokosi pali kapaipi kakang'ono kakuda kamene kakwera kufikira m'cipinda ca injini. Kakatsekeka ndi matope, kapena kupindika, kapena kusungunuka pokhudza paipi ya utsi, mpweya ukankha mafuta kupyola pa silu, ngakhale silu ikhale yatsopano. Ndiponso bokosi lotentha likalowa mu mtsinje lizizira mwadzidzidzi, ndipo likalephera kukoka mpweya m'kapaipi, likoka madzi pa silu. Mafuta osakanizika ndi madzi aoneka ngati tiyi wa mkaka, ndipo ayenera kukhutulidwa onse. Wokonza amasule kapaipi ndi kupopamo mpweya; ngati supita, akatsegule kapena agule kena.

Caciwiri ndi khosi la fulanji. Mcenga wa m'mseu ndi dothi la makande la ku cigwa ca Luangwa zikamatirira pa mlomo wa silu, zipala citsulo pang'ono pang'ono mpaka zikumba kangalande kozungulira. Wokonza ayendetse cikhadabo pa khosilo. Cikhadabo cikakodwa, fulanji yatha, ndipo silu yatsopano siidzagwira. Afunika fulanji yina, kapena kacitsulo kopyapyala kobveka pa khosi kamene kagulitsidwa m'masitolo a mabering'i.

Cacitatu ndi kugwedera. Shafiti itacotsedwa, wokonza agwire fulanji ndi manja awiri, aikankhe kumwamba ndi pansi. Ikagwedera, nati yace yamasuka kapena bering'i ya m'kati yatha. Pa Land Rover zambiri nati yomasuka idziwikanso ndi singano yosonyeza liwiro, imene iyamba kulumpha lumpha. Ayang'anenso mfundo za shafiti, zija zonga mtanda. Zikatha zinjenjemeretsa fulanji ndi kutopetsa silu.

Cacinai ndi udzu, luzi, zingwe za matumba ndi waya, zimene zikulungika pa shafiti galimoto ikamayenda m'minda yokololedwa ndi m'madambo. Zimenezi zilowa kuseri kwa fulanji ndi kudula mphira.

KUKONZEKA NDI KUDZICINJIRIZA

Zofunika ndi izi: silu yatsopano, nati yatsopano ya fulanji ndi washala yace ya ubweya, malita 3 a mafuta a magiya a mtundu wa EP90, sipanala ziwiri za 9/16, soketi ya mamilimita 30 ndi mpini wace wautali, sikuludiraiva yaikuru, nyundo, coko, beseni lakale ndi nsanza zoyera. Pogula silu ndi bwino kutenga nambala ya chasisi ya galimoto. Eni a magalimoto a mitundu yina aone m'buku la galimoto yao, pakuti mabokosi ena amakono afuna mafuta ao ao, ndipo EP90 ikhoza kuwaononga.

Tsono pano pali cenjezo limene wokonza ali yense asaliiwale. Popeza buleki ya pamanja igwira kupyolera m'shafiti, shafiti ya kumbuyo ikacotsedwa, magudumu a kumbuyo ali omasuka ngakhale buleki ikokedwe mpaka kumapeto. Ndipo popeza bokosi la LT230 liri ndi difu pakati pace, kuika galimoto m'giya sikuigwira shafiti imodzi itacotsedwa, ngati difuyo siinakhomedwe. Cifukwa cace galimoto iimikidwe pa malo athyathyathya ndi olimba, ndipo magudumu onse anai aikidwe miyala yaikuru kapena zipika kutsogolo ndi kumbuyo. Kiyi icotsedwe. Magalimoto amenewa ndi atali, kotero munthu akwana pansi popanda kuwanyamula. Koma ngati anyamulidwa, asalowe munthu pansi pa galimoto yokhala pa jeke yokha kapena pa njerwa. Ana akhale kutali, ndipo pakhale munthu wamkuru wina pafupi.

KUSINTHA SILU YA KUTSOGOLO

Wokonza ayambe wamasula pulagi yothirira mafuta, imene iri kumbuyo kwa bokosi, asanakhudze pulagi yokhutulira ya pansi. Amene ayamba ndi ya pansi, napeza pambuyo pace kuti ya pamwamba yakana, atsala ndi bokosi louma lopanda pothirira. Mafuta akhutulidwe m'beseni, ndipo awayang'ane bwino. Tizitsulo tosalala ngati ufa sitidetsa nkhawa, koma zidutswa zogwirika ndi zala zisonyeza kuti m'kati mwaonongeka.

Alembe mzere wa coko pa fulanji ndi pa shafiti, kuti zidzabwerere monga zinaliri. Amasule manati anai, akankhire shafiti pambali, naimange ndi cingwe ku chasisi kuti isalendewere. Nati yaikuru ya pakati ndi yolimba, ndipo fulanji izungulira poimasula. Coigwirira cikhoza kupangidwa pa mudzi: citsulo caphanthi cotalika ngati mkono, cobooledwa mabowo awiri olingana ndi a fulanji. Cikamangidwa pa fulanji, mbali yina itsamira pa chasisi. Pa magalimoto ambiri a Toyota nati imeneyi iri ndi mlomo wokhomeredwa m'kampata ka shafiti, ndipo mlomowo uyenera kutukulidwa nati isanamasulidwe.

Nati, washala yacitsulo ndi washala ya ubweya zitacoka, fulanji isololedwe. Ikakana, aigogode pang'ono mbali ndi mbali ndi nyundo, ataikapo kathabwa. Asanazule silu yakale, aone bwino kuya kwace, pakuti yatsopano iyenera kufika pomwepo. Aitukule ndi sikuludiraiva mosamala ndithu, cifukwa bokosi ndi la aluminiyamu, citsulo cofewa, ndipo likakandika mafuta adzayenda m'mkandomo.

Malo okhala silu apukutidwe ayere. Silu yatsopano ilowe mbali ya kasipuling'i itapenya m'kati, kumene kuli mafuta. Yoikidwa cozondoka idontha tsiku lomwelo. Nyundo isamenye pa silu peni peni. Wokonza afune cidutswa ca paipi kapena soketi yaikuru yolingana ndi mphepete mwa silu, nagogode pang'ono pang'ono, kuonetsetsa kuti ilowa yoongoka mbali zonse. Silu yopendekeka kapena yopindika itayidwe. Pano mpamene mau aja akuti kuona maso a nkhono nkudekha agwira nchito.

Mlomo wa silu ndi khosi la fulanji zipakidwe mafuta oyera, kuti mphira isapse pozungulira koyamba. Fulanji ibwezedwe mofatsa, kenaka washala ya ubweya yatsopano, washala yacitsulo ndi nati yatsopano. Washala ya ubweya si yopeputsa, pakuti ndiyo iletsa mafuta amene ayenda m'mano a pakati pa fulanji ndi kuturukira pa nati. Nati yakale isabwezedwe, cifukwa kapulasitiki kace koletsa kumasuka kagwira bwino kamodzi kokha. Mphamvu yomangira nati inalembedwa m'buku la galimoto iri yonse, ndipo ndi nzeru kubwereka sipanala yoyesa mphamvu kusiyana ndi kungoyerekeza. Potsiriza shafiti ibwezedwe motsata mzere wa coko.

KUSINTHA SILU YA KUMBUYO

Nchito ndi yomweyo, koma pali diramu la buleki loyamba kucotsa. Shafiti itacoka, buleki ya pamanja itsitsidwe, bauti yosendezera mashuzi ibwezedwe m'mbuyo, sikuluwu yogwira diramu imasulidwe, ndipo diramu lisololedwe. Pfumbi la m'katimo lisauziridwe ndi pakamwa, cifukwa mashuzi akale ena ali ndi asibesito, imene iononga mapapo; lipukutidwe ndi nsanza yonyowa.

Mashuzi amene amwa mafuta asinthidwe. Ena awatsuka ndi petulo nawatentha pa moto, koma mafuta olowa m'kati aturukanso buleki ikatentha, ndipo ngozi ikhalapobe. Diramu litsukidwe lisatsale ndi mafuta ngakhale pang'ono. Zonse zitabwezedwa, mashuzi asendezedwe kufikira diramu ligwira, kenaka abwezedwe pang'ono kuti lizungulire momasuka.

KUTHIRA MAFUTA NDI KUYESA

Pulagi ya pansi imangidwe, ndipo mafuta athiridwe galimoto iri pa malo athyathyathya, kufikira ayamba kusefukira pa bowo lothirira. Umenewo ndiwo muyeso wace. Mafuta opitirira muyeso acita thobvu, atentha, nakankha silu. Popeza malo ndi opanikiza, botolo loyera la pulasitiki lokhala ndi kapaipi pa cibvundikiro lithandiza kuwafinyira m'kati.

Bokosi lipukutidwe liume, ndipo galimoto iyende makilomita 10 kapena 15. Pobwera, wokonza aone ngati pali ponyowa. Buleki ya pamanja iyesedwe pa kacitunda kakang'ono kopanda anthu, woyendetsa ali pa mpando, phazi liri pafupi ndi buleki ya pansi. Buleki imeneyi ndi yoimikira cabe, ndipo siiyenera kukokedwa galimoto iri pa liwiro. Usiku woyamba aike katoni pansi pa bokosi, ndipo patapita mlungu umodzi aonenso muyeso wa mafuta ndi manati a shafiti.

ZIMENE ZIFUNA MAKANIKA

Pali kudontha kwina kumene sikuletseka pa mudzi. Mafuta oturuka pakati pa bokosi la magiya ndi bokosi logawa mphamvu acokera ku silu yolowera, kapena ku kamphira kozungulira ka shafiti ya pakati, kamene kadziwika ndi kudontha pa LT230 zakale. Kukonza zimenezi kufuna kutsitsa bokosi lonse, limene ndi lolemera koti nkuthyola cifuwa ca munthu. Bering'i yogwedera, kulira kwa magiya, ndi zidutswa za citsulo m'mafuta nazonso zifuna makanika wa zida zokwanira. Poyembekeza tsiku lopita naye, mwini galimoto aone muyeso wa mafuta asanayambe ulendo uli wonse, ndipo ayende ndi botolo la EP90.

MAFUTA AKALE

Mafuta okhutulidwa asatayidwe m'dambo, mu mtsinje, kapena pafupi ndi citsime ndi dimba, pakuti ocepa okha aononga madzi ambiri. Asapakidwe pa zironda za ng'ombe kapena pa nkhupakupa, ndipo asakhudze nkhokwe yosungiramo cakudya. Lamulo la Environmental Management Act la 2011, limene linakhazikitsa bungwe la ZEMA, liletsa kuipitsa madzi ndi nthaka. Mafutawo asungidwe m'cigubu cotseka, kutali ndi ana, kufikira aperekedwa ku galaji yowalandira, ndipo cigubu cimeneco cisatungirenso madzi.

Nthawi yabwino ya nchito imeneyi ndi miyezi ya September ndi October, pamene ndalama za zokolola zikali m'manja, dothi liri louma, ndipo miseu yopita ku Chipata kukagula zipangizo iri yopitika. Magulu a alimi acita bwino akasankha munthu mmodzi woti azilowa pansi pa galimoto kamodzi pa mwezi, ndiponso nthawi iri yonse imene yaoloka madzi akuya, kuti aone muyeso ndi maonekedwe a mafuta, acotse udzu pa mashafiti, ayese kapaipi kopumira, nalembe zimene wapeza m'buku la gulu.